Za Mwambo wa Kutseka Kamera pa Doko la Nkhata Bay

Mliri wa Covid-19 usanafike m'dziko muno mu 2020, maphunziro owonjezera a ogwira ntchito zaumoyo, omwe namwino amayenera kumachitabe kuti bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limuwonjezerere nthawi ya chiphaso chake, ankadziwika ndi dzina lokoma la wekishopu. Wekishopu unali msonkhano wa masiku angapo wochitikira pamalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ku Chikale kapena ku Chintheche, ndipo mizati yake inali tiyi wa 10 koloko, batala wootcha wa nkhomaliro, ndi envelopu ya tsiku lotsekera yotchedwa alawansi, imene inkachititsa kuti ngakhale phunziro la kasambidwe ka m'manja likhale ndi anthu ofunsa mafunso.

Mliriwo utasamutsira maphunziro pa Zoom, nzeru zinayamba kufika zopanda envelopu, pamene wophunzira anayamba kudzigulira yekha bandulo, ndiko kuti intaneti yoyezedwa imene TNM ndi Airtel amagulitsa, ndipo pamenepa ndi pomwe panabadwira ulemu watsopano. Munthu woleredwa bwino amalowa m'kalasi nthawi yake kuti dzina lake lioneke pamndandanda, amapereka moni, kenako amatseka kamera ndi mawu, n'kuika foni m'thumba. Ngati ndi tsiku limene Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, yakocheza padoko, wophunzirayo amatsetserekera komweko kukaona zimene zatsika kuchokera ku Likoma, pamene mphunzitsi wa ku Kamuzu University of Health Sciences, ali ku Blantyre, akufotokoza mwakhama za tizilombo ta likodzo ndi nkhono zimene timabisalamo kwa timabokosi takuda tolembedwa Tecno ndi Itel. Ngozi yodziwika kwambiri ndi ya foni yodzitsekula yokha m'thumba, pakuti kalasi yonse imamva mtengo wa usipa ukunenereredwa m'Chitonga, ndipo mwambo umafuna kuti aliyense achite ngati sanamve.

Mawu akuti "netiweki yavuta" ayenera kumvetsedwa mosamala, chifukwa amatanthauza zinthu zingapo: kuti magetsi azima, kuti bandulo yatha, kapena kuti mphunzitsi watchula dzina la munthu ndi kumufunsa funso. Mapiri ozungulira dokoli asenza milandu yambiri imene sanapalamule, ngakhale kuti ina ndi yawodi. Chodabwitsa n'chakuti netiwekiyo imachira yokha nthawi yoitana mayina a olandira satifiketi ikakwana, ndipo mawu oti "tapindula kwambiri, aphunzitsi" amamveka bwino lomwe.

Chilungamo chikufuna kunena kuti kolera itavuta m'boma la Nkhata Bay mu 2022, uthenga wa kasakanizidwe ka madzi a shuga ndi mchere unkayenda pa WhatsApp mofulumira kuposa minibasi ya ku Mzuzu, kungoti m'magulu omwewo munkadutsanso mankhwala a mandimu ndi adyo ochiza matenda onse, otumizidwa ndi amalume omwe ukadaulo wawo weniweni ndi wosoka maukonde. Kwa anthu a m'tauni, aliyense wovala timawaya m'makutu n'kumagwedeza mutu tsopano ndi adokotala, kotero kuti mwana wa chaka choyamba cha unamwino akakwera minibasi, asanafike n'komwe pa Mkondezi amakhala ataonetsedwa chotupa cha pamwendo, makadi a chipatala a banja lonse, ndi lilime la kondakitala.