Nthabwala za pamkeka: ana ndi ndiwo zamasamba

Pa sukulu ina ya pulayimale ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, aphunzitsi ankafotokoza kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kudya zipatso ndi masamba osachepera magalamu 400 patsiku. Kamnyamata kena kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ine dzulo ndinafika makilogalamu awiri."

"Wachita bwino mwana wanga! Ndani anakugulira?"

"Palibe. Koma mukaweruka musakadabwe ndi mtengo wa magwafa uli kuseri kwa nyumba yanu uja."

*

Tsiku la mayeso, funso linali lakuti: Tchulani zipatso zitatu. Mtsikana wina analemba: mango osapsa, mango akupsa, ndi mango amene amatola achimwene ine nditagenda.

*

Mayi wina anatopa ndi mwana wokankhira bonongwe m'mphepete mwa mbale.

"Idya masambawo iwe, kuti ukule ngati abambo akowa!"

Mwana anayang'ana bambo ake, amene ankafukula bonongwe yemweyo kufunafuna chiwindi cha nkhuku.

"Ababa, ndiye inu munakula ndi chiyani?"

Bambo aja anakhosomola, n'kutapa bonongwe wodzaza dzanja. Akuti mpaka lero akamadya amayamba aona kaye komwe mwana wakhala.

*

Ku Tsangano, kwawo kwa kabichi, mbatata ya kachewere ndi mapichesi, bambo wina ankakweza matumba m'lole yopita ku Tete. Mwana wake atatambasulira dzanja pichesi limodzi, bambo anakalipa: "Siya! Zimenezo ndi ndalama."

Pobwera anamugulira mabisiketi ndi Fanta. Mwana analandira ndi manja awiri, n'kufunsa mwaulemu:

"Ababa, aphunzitsi akandifunsa za mavitamini, ndiwauze kuti anakwera lole?"

*

Aphunzitsi anauza ana kuti ajambule ndiwo zamasamba zomwe amazikonda. Ena anajambula nkhwani, ena mpiru, ena therere. Mmodzi anajambula mbuzi.

"Kodi mbuzi ndi masamba?"

"Masambawo ali m'kati, aphunzitsi. Ndi mbuzi ija inalowa m'dimba la sukulu Lachiwiri."

*

Katswiri weniweni ndi gogo wina amene zidzukulu zake zinkathawa chisoso poti n'chowawa. Sanakalipe, sanatenge mkwapulo. Anachitendera bwinobwino ndi nsinjiro, kuikamo phwetekere, n'kuika mphika pathandala.

"Zidzukulu zanga, ichi si cha ana. N'cha ife akuluakulu. Wokhudza aona zakuda."

Kenako ananyamuka kukatunga madzi. Pobwera anapeza mphika uli mbee, ngakhale galu anasowa ponyambita.

"Wadya ndani?"

Onse anali chete. Kamng'ono kwambiri, nsinjiro zili mbuu kukamwa, kanati:

"Agogo, sitikudziwa. Koma mawa mukamaletsanso, muwonjezereko kamchere."