Mauntingi za Hilux ya amalume

Amalume anga ali ndi Hilux yakale ya dizilo, ija ya injini ya 3L, malita 2.8. Ndi yaikulu kuposa ana awo onse, ndipo kunjenjemera inabadwa nako. Injini ya dizilo ilibe masipaki pulagi. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri moti mafuta akangofayidwamo amayaka okha. Ya petulo imapanikiza mpweyawo pafupifupi ka 10, iyi imapitirira ka 20, ndiye pisitoni ikamamenya ndi munsi mumtondo. Chotitchinjiriza ife okwera ndi timalabala tiwiri tomatidwa pakati pa zitsulo, pomwe injini imakhalira pa tchesisi. Amakaniko amati mauntingi.

Tinadziwira ku Bvumbwe kuti zatha. Azakhali anagula mkaka malita asanu, chigubu n'kuika kumapazi. Tikufika ku Limbe anatsegula kuti aone.

"Abambo, ine ndinagula mkaka. Batalayu walowa bwanji?"

Amalume sanayankhe. Anali kalikiliki kusaka ndodo ya giya, yomwe inkavina beni payokha.

Tinapita kukafuna zatsopano ku Ndirande, kumene amati ukafunsa sipeyala ya ndege amangokupatsa mpando kuti udikire pang'ono. Mnyamata anatulutsa zitatu.

"Iyi ndi orijino. Iyi ndi orijino yeniyeni. Iyi ndi orijino yochotsa pa galimoto ya ku Japan."

"Nanga yoyambayo ndi orijino ya kuti?"

"Bokosi ndi lomwe lili orijino, madala."

Amalume anasankha yotchipa, yofewa ngati mkate wa m'mawa. Apa mpomwe ambiri timagwera. Hilux za thupi lomweli zinalipo ndi za petulo, koma injini ya dizilo ndi yolemera ndipo imakankha mwamphamvu, choncho labala wake ndi wina. Wanzeru amanyamula mauntingi yakale m'jumbo, amatchula dzina la injini, amayerekeza mabowo a mabawuti ndi msinkhu wa labala. Ife tinanyamula chikhulupiriro chokha. Patatha masabata atatu labala anaphwatalala, injini inatsika, fani n'kuyamba kupala chotchingira chake: kwee, kwee. Agogo atamva anati mubonetimo muli nkhanga, tiichotse isanafe.

Kenako panabwera mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango. Iyeyu sakhulupirira zogula. Anadula tayala lakale la lole, anasanjikiza zigamba zinayi, anaboola pakati n'kulowetsa bawuti imodzi yaitali.

"Izi bwana mudzasiyira adzukulu."

Sananame kwenikweni. Vuto ndi loti bawutiyo inalumikiza injini ndi tchesisi chitsulo kuchitsulo, labala anangokhala mboni. Kunjenjemera konse kunasamukira m'mipando. Pa lodibuloko ina amalume anayang'ana pagalasi n'kuona apolisi atatu, onse ofanana nkhope. Anapereka moni katatu.

"Laisensi, bambo," anatero wapolisiyo, yemwe anali yekha.

Msuweni wathu wa ku Johannesburg atamva za mavutowa anatumiza mauntingi zofiira za polyurethane, akuti sizitha msanga ndipo anyamata othamangitsa galimoto amazikonda. N'zoona, n'zolimba. Koma kulimbako pa dizilo yakale n'kumene sitikufuna. Abusa tinawapatsa lifiti popita ku maliro, ndipo atayamba nyimbo mawu ankatuluka modukaduka ngati mbuzi. Potsika anafunsa mwaulemu ngati galimotoyi inapemphereredwapo.

Amalume anagonja, anakagula ya labala yoyenera injini yawo. Imodzi.

"Yakumanjayi ikadali ndi moyo," anatero.

Makaniko wina wachikulire, wa ovolosi yong'ambika pabondo, anawayang'ana nthawi yaitali.

"Akulu, munagulapo nsapato imodzi?"

Anawafotokozera kuti yakale inafupika kale, ndiye injini idzapendekeka ndipo yatsopanoyo idzasenza yokha katundu wa awiri, ngati mkazi wamng'ono wolimbikira ntchito pa mitala. Anawaonetsanso chomwe chinkapha mauntingi zonsezo: oyilo wodontha kuchokera pamwamba pa injini. Labala akamwa oyilo kapena dizilo amatupa n'kufewa ngati chingamu. Ndipo kumbuyo, pansi pa giyabokosi, kunali yachitatu imene tonse sitinkadziwa kuti iliko. Inali itagawikana pawiri mwakachetechete, mwina kuyambira nthawi ya Kamuzu.

Poyesa, makanikoyo anakoka handibuleki, analowetsa giya wani, n'kumasula kilatchi pang'ono kuti aone ngati injini ikudumpha. Anauza sipanala boyi wake kuti aime pambali aziyang'ana. Mnyamatayo anakaima kutsogolo kwenikweni, mutu uli m'boneti.

"Iwe! Ndati pambali! Amako ndikawauza chiyani?"

Pokweza injini anaika thabwa pakati pa jeke ndi sampu. Amalume anafunsa ngati thabwalo lilinso pa bilu. Makaniko anati thabwa ndi laulere, koma sampu yobooka ndi jeke ili ndi mtengo wake, asankhe okha.

Tinatuluka m'galajamo zonse zitatu zili zatsopano, kodontha oyilo kotatsekedwa. Galasi linaonetsa munthu mmodzi mmodzi. Pa maloboti oyamba amalume anaima, anagwira chiwongolero, anagwira ndodo ya giya: zonse zili phee. Nkhope inagwa.

"Yazima."

Anapotokola kiyi injini ikuyenda, sitata n'kukuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Azakhali kumbuyo anali ndi dandaulo lawolawo: mdzukulu amene ankagona akangomukweza m'galimotoyi anali maso gwa, akulira, ndipo ankafuna kudziwa amene wawononga Hilux.