Moni Kaye, Mtengo Pambuyo

Pamsika wa ziboliboli wa Mukuni Park, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, mlendo wa ku Ulaya sachedwa kudziwika. Amangofika, kuloza mvuu yosema, n'kufunsa mtengo. Wogulitsa amamuyang'ana ngati munthu amene walowera pawindo chitseko chili chotsegula.

Kuno malonda amayamba ndi moni. Mtonga amati "Mwabuka buti?", Mlozi amati "Mu zuhile cwani?" uku akuwomba m'manja, wa Chinyanja cha m'tauni amati "Mwauka bwanji, ba boss?" Kenako afunsane za ana, za mvula, za ulendo. Mtengo umadza pomalizira, mwamanyazi, ngati mkamwini pakhomo pa apongozi.

Mlendoyo sikuti ndi wamwano ayi. Kwawo kuchedwetsa munthu ndiye chipongwe, ndipo mtengo umamatidwa pakatundu. Ndiye akamva kuti mvuu ndi K600, amalipira pomwepo kapena amathawa poganiza kuti akumubera. Wogulitsa zonsezi zimamudabwitsa, chifukwa K600 ija inali "odi" chabe. Iye amayembekezera kuti wogula agwire pakamwa, adandaule za sukulu fizi, anamizire kuchoka, aitanidwe, mpaka amvane pa theka, mwinanso kuwonjezerapo masokosi amene wavalawo. Inde, masokosi. Pamsika umenewu malaya, bolopeni ndi nsapato zakutha zimagula njovu yamtengo.

Komatu kusafunsa eni kunayamba kale. David Livingstone atafika mu 1855 anapeza mathithi ali ndi dzina, Mosi-oa-Tunya, iye n'kuwapatsa la mfumukazi ya kwawo. Adzukulu ake lero amalipira pamlatho wa 1905 wa pafupi ndi mathithiwo. Kumeneko anyamata amagulitsa ndalama zakale za ku Zimbabwe za 100 trillion, ndipo mlendo amene wakangana ndi wa takisi chifukwa cha K20 amasolola madola enieni kugula pepala lomwe eni ake analitaya mu 2009.

Nkhani ya nthawi ndiye siichedwa kudanitsa anthu. Msonkhano wa 09:00, mlendo wakhala kale pampando 08:55. Mnzake wa bizinesi akuyankha foni mokoma: "Nili pafupi, ba boss." Pafupi pakepo ndi kunyumba kwake ku Dambwa, sopo ali kumutu. Akafika amapereka moni dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, atawerama pang'ono, osatchulako za wotchi. Mlendo, pofuna kuonetsa chikondi, amamumenya paphewa n'kumuitana ndi dzina lake laubwana, bambo wa imvi amene ngakhale mkazi wake amangoti "atate ake a uje". Aliyense amachoka akudziyamikira kuti wamupirira mnzake.

Eni tauni nawonso asamadzitame kwambiri. Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo m'malo ena odyera zikuoneka kuti uthenga woti atsamunda anapita sunafikebe. Mphunzitsi wochokera ku Chipata, tayi ali pakhosi, amadikira madzi osamba m'manja mpaka njala kumuthera, pomwe mzungu wa kabudula ndi patapata akuthamangiridwa ndi anthu atatu. Ulemu wotere si wa makolo, ndi wa dola.

Kumsika wa Maramba kulibe zimenezo. Mayi wa tomato sayang'ana khungu, amamvera moni. Mlendo amene waloweza "Muli bwanji, amayi?" amasekereredwa, amatchedwa "mwana wanga", ndipo pamwamba pa mulu wake amamuikira tomato awiri a mbasela. Iye amawerenga bwinobwino, n'kubweza awiriwo mwaulemu, poganiza kuti mayiwo alakwitsa masamu.