Chikomekome cha Kesi, M'kati Muli Nyerere

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga, cha kumapiri a ku Ntchisi, kunali mtengo wa mkuyu. Nkhuyu zake zikapsa zinkachita kufiira psuu, koma mwana aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti nkhuyu suiponya mkamwa usanaing'ambe. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife mwambiwu tinkaumva mnyamata akatengeka ndi nkhope ya mtsikana osafunsa za khalidwe lake. Sindinkadziwa kuti udzandilondola mpaka pa Mponela, n'kundipeza ndili ndi sikuludiraiva m'manja, nyerere zake zili zenizeni, za miyendo isanu ndi umodzi.

Ntchito yanga ndi yojambula makanema a zinkhoswe, maukwati ndi makwaya. Ukwati umodzi, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani womaliza, umadya malo ochuluka zedi. Ndiye pakapita zaka zitatu mumangoona munthu watulukira: "Achimwene, fulashi ija mwana anaigwetsera m'chitsime, kanema uja alipobe?" Ine n'kuyamba kufukula m'katoni ngati nkhuku ikupalasa padzala.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, ataona zimenezi anapukusa mutu.

"Ankolo, inu mukufunika seva."

"Seva ndiye chiyani?"

Anati ndi kompyuta yosazimitsa, yongokhala phee pakona, ntchito yake kusunga zinthu, ndipo mafoni ndi laputopu za m'nyumba zimatapa m'menemo kudzera pa Wi-Fi.

"Oho, ukunena nkhokwe," ndinatero.

Anafuna kutsutsa ndi Chingerezi chambiri, koma ine ndinali nditamva kale.

Chinatsala ndi kusankha bokosi loikamo zipangizozo. Kuno bokosi lonselo timangoti CPU, zimene zimamupweteka mutu mphwangayo; iye amati dzina lake ndi kesi. Anandionetsa pafoni kuti kukula kwa kesi kumatsatira motherboard, bolodi imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Yaikulu, yotchedwa ATX, inayambitsidwa ndi kampani ya Intel mu 1995, ndipo ndi ya masentimita 30.5 m'litali ndi 24.4 m'lifupi. Yaing'ono, Mini-ITX, inachokera ku VIA Technologies ya ku Taiwan mu 2001, ndipo ndi ya masentimita 17 mbali zonse, ngati kambale kodyera ndiwo. Anatchulanso makesi ang'onoang'ono amene anthu osunga zinthu zambiri amawakonda: Node 304 ya Fractal Design imalowa ma hard disk asanu ndi limodzi, Jonsbo N2 imalowa asanu. Koma mitengo yake inali m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu ukaona chizindikiro cha dola umayamba wakhala kaye pansi.

Apa mpamene maso anandinamiza. Ndinaona kakesi kena kotchipa, kakuda bii, kagalasi m'mbali, kokhala ndi timagetsi tosinthasintha mtundu ngati basi yopita ku Johannesburg. Mphwanga anati tiyeze kaye. Ine ndinati amene akulipira ndi ine.

Katafika, mayi a kunyumba anakakonda kuposa ine. Anakaika pamwamba pa kabati ya pabalaza, pakati pa chithunzi chathu cha ukwati ndi maluwa apulasitiki, n'kukafunditsa kansalu koluka koyera kuti kasade. Kansaluko kanatseka ndendende timabowo totulukira mpweya, koma zimenezo tinazidziwa mochedwa.

Nyerere yoyamba inali malo. Ma hard disk anangolowa awiri, yachitatu inatsala patebulo ikutiyang'ana. Chogawa magetsi chimene tinali nacho chinakana kulowa, pakuti kakesi kotere kamafuna chaching'ono chotchedwa SFX. Pamsika wa Mponela mupeza mbuzi, masipoko a njinga, mapanelo a sola, soya, mtedza, ngakhale suti ya ukwati, koma mukafunsa SFX amakufunsani ngati ndi mbewu yatsopano ya chimanga. Mphwanga anakwera minibasi kupita ku Lilongwe kawiri. Pobwera anamangirira zonse m'kati mopanikiza, zala zitachekekachekeka, mawaya atapindana ngati anthu anayi pampando wa anthu atatu.

Kenako kunabwera October. Amene amati kumapiri a Dowa n'kozizira sanakhalepo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana a mwezi umenewu. Kafani kakang'ono kamayenera kuzungulira mothamanga kwambiri kuti kakankhe mpweya umene fani ya masentimita 12 imakankha ikuyenda mwaulemu. Choncho usiku wonse kakesi kankalira ngati udzudzu wonenepa. Apongozi atabwera kudzacheza anagona pabalaza, m'mawa n'kundiitanira pambali.

"Bambo, kanthu kanu aka kamalira usiku, maso ake akusinthasintha. Mwayamba liti zimenezi?"

Ndinalumbira kuti ndi makanema a maukwati chabe. Anangoti "chabwino" wa mtundu uja wosonyeza kuti nkhani ikafika kumudzi.

Fumbi ndiye musanene. Malole odutsa mumsewu wa M1, kamvuluvulu wa m'chilimwe, tsache la m'mawa, zonse zinkathera m'kakesi kopanda sefa. Magetsi nawo ali ndi nkhani yawo. Tonse tikukumbuka mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndipo hard disk imadana ndi kuzimiridwa magetsi ili mkati molemba. Ndinagula batire ndi inveta. Kakompyuta kochepa ngati buledi, zoikirira kumbuyo zake zolemera ngati thumba la fetereza. Malo amene ndinkati ndapulumutsa anapita onse, ndi chiwongoladzanja chomwe.

Mvula yoyamba itagwa, seva inangoti zii. Titatsegula, mphwanga anabwerera m'mbuyo. Nyerere zinali zitapeza nyumba yofunda, youma, yalendi yaulere. Zinali zitandanda pawaya wa hard disk, zina zitasenza mazira oyera, zikuyenda mwadongosolo kuposa anthu pamzere wogula fetereza wotsika mtengo. Pansi pa motherboard panali nalimata, mwina ndiye anali kapitawo. Ndinaseka mpaka misozi, ngakhale kuti m'thumba munkalira maliro.

Amalume anga, mlimi wa fodya wa cha ku Madisi amene sanagwirepo kompyuta chibadwire, ndi amene anamasula nkhani. Atamva kuti chinthucho ndi nkhokwe, anafunsa mafunso amene ine ndinayenera kufunsa poyamba.

"Mwaikweza pamiyala? Mpweya ukupita? Mukakolola zambiri chaka chamawa, zilowa? Nanga dzanja limafika pansi mukafuna kutapa?"

Anati chibadwire sanamvepo munthu akutamandidwa kuti nkhokwe yake ndi yokongola. Imalukidwa ndi mipata kuti chimanga chisafuke, imakwezedwa kuti chiswe ndi chinyezi zisafike, ndipo mwini wake amaimanga akuganiza za chaka cha zokolola zambiri. Anawonjezanso kuti wanzeru sasunga mbewu yonse pamalo amodzi, poti moto sugogoda. Mphwanga anati zimenezo kusukulu amazitcha backup, ndipo anaziphunzira chaka chachiwiri. Amalume anafunsa kuti fizi inali ndalama zingati.

Sindikunena kuti kesi yaing'ono ndi tchimo. Ngati mukusunga zithunzi ndi makalata ochepa, kakompyuta kokhala ndi chosungira chimodzi chaching'ono cha SSD kamadya magetsi pang'ono, kalibe phokoso, ndipo sola yaing'ono imakakwanitsa. Koma ngati katundu wanu ndi ma hard disk atatu kapena anayi, muyambe mwawerenga malo ake, muyeze chogawa magetsi, muone kukula kwa fani ndi ngati sefa yake imachoka kuti muikunthe. Timagetsi tamitundumitundu sitisunga kanema ngakhale mmodzi.

Ine ndinagula kesi yakale ya muofesi, yaikulu, yotuwa, yophwanyika pakona, yokhala ndi chipsera cha sitika ya eni ake oyamba. Ma hard disk onse analowa n'kutsala malo, fani yake imapuma mofatsa ngati ng'ombe yokhuta. Ili pakampando kuchipinda, miyendo ya kampandoko ili m'tizitini ta oilo wakutha, ndipo kansalu koluka n'koletsedwa. Hard disk ina yokhala ndi makanema omwewo imagona kwa mlongo wanga.

Kakesi kokongola kaja kadakali pakabati. Mayi a kunyumba anafuna kusungiramo shuga, koma ndinawaletsa, poti nyerere zikuidziwa kale njira. Inu amene munataya fulashi ya ukwati wanu, bwerani ndi ina, kanema wanu alipo.