Chimbalangondo Chovala za Mphaka

Druid wa mu World of Warcraft amakopa munthu wosafuna kusankha, ndipo ine ndinali wotero. Ankhondo ena mu gemuyi ntchito yawo imadziwika: mage amaponya moto ali patali, rogue amabaya kumsana, priest kawirikawiri amachiritsa ovulala. Druid amasintha thupi malinga ndi ntchito imene yamupeza. M'masiku amene ndinkasewera, pa levo 10 ankaphunzira kusanduka chimbalangondo, pa levo 20 ankasanduka mphaka wamkulu wolusa. Chimbalangondo chimaima kutsogolo n'kumalandira nkhonya zonse za mdani kuti anzake asakhudzidwe, ntchito imene osewera amaitcha tank. Mphaka amazembera kumbuyo n'kumang'amba. Nditamva kuti zonsezi zimatheka pa luso limodzi lotchedwa Feral, ndinakhulupirira kuti zovala zakenso zingakhale zimodzi.

Anandilowetsa m'masewerawa ndi achimwene anga aakulu amene amakhala ku Johannesburg. Iwo anasewerapo The Burning Crusade itangotuluka mu 2007, ndipo Blizzard itaibweretsanso mu June 2021 pa dzina la Burning Crusade Classic, anandilipirira akaunti n'kundilembetsa m'gulu lawo pa seva ya ku Ulaya. Iwo anali priest wochiritsa. Ine ndinasankha Tauren, mtundu wa zimphona za mutu wa ng'ombe. Nthawi inkatikomera, chifukwa m'miyezi yotentha ya ku Ulaya wotchi ya ku Berlin imafanana ndi yathu.

Gululo linandilandira chifukwa cha Karazhan, nsanja yakale ya Medivh ku Deadwind Pass, imene amalowamo anthu 10 okha. M'menemo adani ena akuluakulu amafuna ma tank awiri, ena mmodzi. Attumen ndi hatchi yake Midnight amamenyedwa padera mpaka atakwera hatchiyo, ndipo kuyambira pamenepo tank wachiwiri alibenso chogwira. Moroes amachititsa chidima tank woyamba n'kulumphira wachiwiri, choncho onse awiri amafunika mpaka kumapeto. Prince Malchezaar, wa pamwamba penipeni pa nsanjayo, amagwidwa ndi mmodzi. Gulu lokhala ndi druid wa Feral limapindula pawiri: pofunika tank limakhala naye, posafunika limapeza womenya wina popanda kutulutsa munthu.

Koma gemuyi ili ndi lamulo limodzi limene ndinalimva koma osalilabadira. Nkhondo ikayamba sungasinthe chovala chilichonse, kupatula chida cha m'manja. Thupi ungalisinthe kangati konse, malaya ayi.

Mu Burning Crusade, zimene chimbalangondo chimafuna n'zosiyana ndi za mphaka. Warrior, amenenso amakhala tank, ali ndi chishango ndipo amatha kubweza nkhonya ndi lupanga. Chimbalangondo chilibe zonsezi. Chake n'kuzinda, kuchuluka kwa moyo, ndi kukhuthala kwa zovala kumene amati armor. Druid akasanduka chimbalangondo chachikulu, armor ya pa zovala zake imawonjezeka ndi 400 peresenti, ndipo m'masiku a Burning Crusade kuwonjezekako kunkakhudzanso mphete ndi chida. N'chifukwa chake chibonga chotchedwa Earthwarden, chokhala ndi armor 500, chinali chuma chenicheni, ngakhale kuti kuchipeza kunkafuna kulowa m'malo a adani otchedwa Steamvault mobwerezabwereza mpaka a gulu la Cenarion Expedition atakupatsa ulemu wawo womaliza. Palinso nambala imene tank aliyense ankaidziwa pamtima. Mdani wamkulu amawerengedwa ngati wa levo 73, ndipo ali ndi mwayi wa 5.6 peresenti womenya crit, nkhonya yowirikiza kawiri. Warrior amauthetsa mwayiwo pofikitsa defense yake pa 490. Druid ali ndi luso la Survival of the Fittest limene limachotsa 3 peresenti, ndiye 2.6 yotsalayo imatha pa 415, kapena povala zinthu za resilience, imene nayonso imachepetsa crit. Mphaka alibe nazo ntchito zimenezi. Iye amafuna agility, nyonga, ndi hit yokwana 9 peresenti kuti zikhadabo zake zisamaphonye.

Osewera odziwa ankanyamula zovala ziwiri zathunthu, n'kumazisintha ndi kapulogalamu konga ItemRack asanafike pa mdani aliyense. Ine ndinaona kuti ndi ntchito yambiri, golide ndinalibe, ndipo matumba anali odzaza kale. Ndinasakaniza. Pachifuwa ndinavala cha chimbalangondo, m'miyendo za mphaka, mphete zonse ziwiri za mphaka, miyala yoika m'zovala ya agility yokhayokha chifukwa ndinawerenga kuti imathandiza mbali zonse. Zimenezo n'zoona, agility imawonjezera kuzinda komanso kumenya, koma sichotsa crit ngakhale pang'ono. Defense yanga inangopitirira pang'ono 350 imene aliyense amakhala nayo pa levo 70. Chifukwa chenicheni chinali china: pakona pa sikirini panali Recount, kabokosi kosonyeza amene wamenya kwambiri, ndipo ndinkafuna dzina langa lioneke pamwamba pake.

Kwa kanthawi zinayenda. Pa Attumen ndi Moroes nkhonya zinali zopiririka, ndipo ochiritsa athu anali aluso moti ankakwirira kuperewera kwanga osadziwa.

Usiku wina warrior wathu anachoka msanga chifukwa mwana wake anadwala. Tinali titatsala ndi Prince yekha, m'malo mwake munalowa womenya wina, ndipo mtsogoleri wa gulu, mayi wodekha amene sankakweza mawu ngakhale zitavuta, anandifunsa pa Discord ngati ndingamugwire. Anafunsanso mwachindunji ngati 415 yakwana. Ndinayankha kuti zonse zili bwino. Ndinkadziwa kuti sizinali bwino, koma mumtima ndinkati nkhonya ziwiri kapena zitatu pa 100 si zambiri, mwina sizibwera n'komwe.

Gawo loyamba la Prince ndi lofatsa kwa tank. Moyo wake ukatsika kufika pa 60 peresenti amatenga nkhwangwa ziwiri, imodzi dzanja lililonse, n'kuyamba kumenya mothamanga, nthawi zina kangapo m'kamphindi kamodzi. Pamenepo nkhonya 100 sizichedwa kukwana. Chimbalangondo chimalandiranso crushing blow, nkhonya yowonjezera theka, imene sichingaithawe ngakhale chitavala bwino chotani, ndipo ochiritsa amaiyembekezera. Chimene sankayembekezera ndi crit pamwamba pake. Ndinaona moyo wanga uli wodzaza, kenako uli pa theka, kenako ndili gone pansi. Prince anatembenukira mage, n'kupita kwa achimwene, ndipo posakhalitsa tonse tinali mizimu yothamanga kuchokera kumanda kubwerera kunsanja.

Wina anafunsa chachitika n'chiyani. Hunter wathu, munthu wokoma mtima, anati mwina ndi netiweki yanga, poti ndili kutali ndi seva. Onse ankadziwa kuti ndimasewera kuchokera ku Malawi, ndipo kangapo konse anandidikirapo magetsi atathima, osadandaula. Netiweki usiku umenewo inali bwino kwambiri. Ndinangoti, "Mwina ndi zimenezo."

Mawu amenewa ndi amene amandipwetekabe. Ndinabisala kumbuyo kwa chisoni chimene anthu aja anali nacho pa mavuto enieni a kwathu. Tinayesanso, ndinafanso pa gawo lomwelo. Tinayesa kachikena, chimodzimodzi. Imfa iliyonse mu gemuyi imawononga zovala za aliyense, ndipo kukonzetsa n'kwa golide. Zakudya ndi mankhwala ena owonjezera mphamvu zimatha munthu akafa. Anthu asanu ndi anayi, ena oti kukacha apita kuntchito, ankalipira bodza langa. Achimwene anayamba kudziimba mlandu, akuti mwina akuchedwa kuponya machiritso, ndipo anapepesa pamaso pa gulu lonse. Ndinawamva akupepesa, ndinakhala chete.

Kutacha anandiimbira pa WhatsApp. Anali atawerenga kaundula wa nkhondoyo, mmene nkhonya iliyonse imalembedwa, ndipo mawu oti crit anali pomwepo pafupi ndi dzina langa.

"Iwe, tandiuza zoona. Defense yako ili pa zingati?"

Ndinawauza.

"Ndiye n'chifukwa chiyani unandisiya ndikupepesa?"

"Pepani achimwene, ndinachita manyazi."

Sanakalipe. Anangoti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo anati gulu ndiliuze ndekha, iwo sandiyankhulira. Ndinalemba madzulo omwewo. Mtsogoleri uja anayankha mwachidule kuti wathokoza pomuuza, ndipo sindidzaimanso kutsogolo mpaka iye mwini ataona 415 pa zovala zanga. Hunter sanalembe kanthu, ndipo kukhala chete kwake ndinakumva kuposa mawu onse.

Ndinapita ku Nagrand kukasaka clefthoof, zinyama zikuluzikulu zaubweya za m'zigwa zakumeneko, ndipo wosoka zikopa wa m'gulu lathu anandisokera Heavy Clefthoof: chapachifuwa, thalauza ndi nsapato. N'zovala zosaoneka bwino, zopanda agility, koma zodzaza armor, stamina ndi defense. Ndinagula matumba okulirapo, ndinaika ItemRack, ndinayamba kuyendera Steamvault. Nambala ija inakwana, mayi aja anaiona, ndipo ndinabwerera pa ntchito ya tank wachiwiri.

Tsoka lachiwiri linabwera zovala zili ziwiri kale, ndipo linachokera ku mphaka. Ndinaphunzira njira imene odziwa amaitcha powershifting. Mu Burning Crusade mphaka amamenya ndi energy, imene imafika pa 100 ndipo imabwerera 20 pa masekondi awiri alionse. Luso la Furor limapereka 40 nthawi iliyonse imene druid wasanduka mphaka, ndipo chipewa chotchedwa Wolfshead Helm, chosokedwera osewera a levo 40, chimawonjezera 20. Ndiye energy ikatha umatuluka m'thupi la mphaka n'kulowamonso nthawi yomweyo, n'kupeza 60 m'malo modikira. Chipewa chakalechi chinkavalidwa ndi amphaka a levo 70 m'malo mwa zipewa zapamwamba, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndi chimodzi mwa zinthu zokongola kwambiri mu gemuyi: chinthu chotsika mtengo chopambana zodula chifukwa cha mzere umodzi wolembedwa pa icho. Koma kusanduka kulikonse kumadya mana, mphamvu yochitira matsenga, ndipo uli mphaka sikirini yako imakuonetsa energy, mana imabisika pokhapokha utaika kapulogalamu koionetsa. Ine ndinalibe.

Tinakumananso ndi Prince, warrior ali kutsogolo, ine ndili mphaka kumbuyo. Ndinasanduka mosalekeza. Mana itachepa ndinamwa botolo la mana, limene ukamwa umadikira mphindi ziwiri kuti umwenso. Itachepanso ndinadziponyera Innervate, mphatso ya druid yobwezeretsa mana, imene m'gulu lathu inkasungidwira ochiritsa. Pa Recount ndinali wachiwiri, ndipo mtima unkagunda ndi chimwemwe. Prince atatsala pang'ono kutsika pa 30 peresenti, pamene nkhwangwa zimachoka m'manja mwake ndipo tank amapuma, warrior anagwa.

Nthawi ngati imeneyi ndi imene gulu limasungira druid. Ali ndi Rebirth, mphamvu yodzutsa wakufa nkhondo ili mkati, ndiponso angasanduke chimbalangondo n'kuchedwetsa mdani. Mtsogoleri anaitana kuti ndidzutse warrior. Ndinatuluka m'thupi la mphaka, ndinadina, gemu inati mana siyokwanira. Anati basi ndisanduke chimbalangondo. Ndinadina, yankho lomwelo. Kubwerera ku mphaka nakonso kunakanika. Ndinaima pakati pa bwalo ndili Tauren wamba, chipewa cha mutu wa mmbulu chili kumutu, ndilibe chochita chilichonse, ndikuona anzanga akugwa mmodzimmodzi. Achimwene mana yawo inali itatha, ndipo anafunsa za Innervate.

Ulendo uno ndinayankhula tisanafike n'kumanda komwe. Ndinanena zonse, botolo, Innervate, ndi kabokosi kamene ndinkayang'ana. Mayi aja anakhala kaye chete, kenako anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: kodi ndikudziwa chifukwa chimene anatengera druid m'malo mwa rogue wachiwiri? Rogue akanamenya kuposa ine popanda chipewa chachilendo. Anandisankha chifukwa cha zimene ndingachite zinthu zikasokonekera, ndipo zonsezo zimagulidwa ndi mana imene ndinaimwaza. Tinagwirizana kuti pa mdani aliyense wa tank mmodzi ndizisiya kusanduka mana ikafika pa mlingo wokwanira Rebirth ndi chimbalangondo, ndipo Innervate ndi ya amene mtsogoleri watchula.

Mu gemu yoyambirira ija, Blizzard inadzachepetsa vutoli Burning Crusade itatha. Mu 2009 inalola osewera kukhala ndi maluso awiri osinthana, ndipo mu 2012, pa Mists of Pandaria, inagawa Feral pawiri: mphaka anatsala ndi dzinalo, chimbalangondo chinatchedwa Guardian. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma ndimakondabe druid wosagawidwa uja, amene ankayenera kuganiza asanalowe pakhomo lililonse kuti anzake amufuna ali ndani.

Lachitatu lotsatira nsanja inatsegukanso mwatsopano, monga zimakhalira pa maseva a ku Ulaya. Tinafika kwa Prince ndi warrior yemweyo kutsogolo. Ndinasiya kusanduka pakati pa gawo lachiwiri, Innervate inapita kwa achimwene mtsogoleri atawatchula, ndipo warrior sanagwe, choncho Rebirth sinagwire ntchito. Pa Recount ndinathera wachisanu. Prince anagwetsa chizindikiro cha Fallen Defender, chosinthanitsa ndi chipewa cha Tier 4, chimene warrior, priest ndi druid amalimbirana. Tinaponya maere tonse atatu ndipo chinagwera warrior.