Chitamando cha Nsungwi ya Mnansi Wanga

Atamandike pakati pa nzika zonse za Lilongwe mkulu uja amene, pamene anzake opuma pantchito adagula ng'ombe kapena kumanga nyumba za lendi, iye adagula kawailesi kotchera mauthenga a ozimitsa moto ndi a alonda, nazika nsungwi yaitali kuseri kwa khitchini kuti ikhale mlongoti, nadzipereka ku utumiki womvera matsoka a eni ake usiku wonse, popanda malipiro, popanda womtuma, ndiponso, tinene mwaulemu, popanda kuzimako ngakhale kamtengo ka machesi. Ine ndidadalitsika pogona kuseri kwa mpanda wake, kotero kuti kukhosomola konse kwa wailesiyo kumandipeza pamphasa ulere.

Alipo ofunsa ngati a MACRA, amene lamulo la 1998 lidawaika kukhala adindo a mafunde a mumlengalenga, akuidziwa nsungwiyo. Limenelo ndi funso la nsanje, ndipo tilisiye.

Chimene chimakoma koposa m'kawailesimo ndi ntchito yolondolera njira. Pakuti mzinda uno, umene udalandira ulikulu kuchokera ku Zomba mu 1975, udagawidwa m'manambala ndi anthu anzeru zakuya, amene adaona kuti n'koyenera kuti Area 43 itsamire Area 10, ndi kuti Area 25 ikakhale kumpoto cha ku Kanengo pamene mbale wake Area 24 ali kutsidya lina la mzinda, osayenderana ngakhale pamaliro. Tsono taonani, pakati pa usiku mawu amveka:

"Bwana, nyumbayo ili pati?"

"Akuti mukapitirira mtengo wa mango, pali geti lakuda."

"Bwana, kuno mageti onse ndi akuda."

"Basi, tsatani utsi."

Uphungu wa nzeru ndithu, ukadapanda kuperekedwa m'mwezi wa Okutobala, pamene nyumba iliyonse ya m'mayadi ikutentha masamba ndi zinyalala, ndipo utsi wofuka popanda tsoka uli ponseponse. Mnansi wanga amaidziwa nyumbayo, amaudziwa mangowo ndi amene adaubzala, koma wailesi yake ndi yomvera chabe, pakamwa ilibe, choncho amangoomba m'manja nafuula m'chipinda kuti, "Kumanzere, ana inu, kumanzere!" mpaka agalu a mzere wonse amvomera.

Pano chitamando chindithawa pang'ono. Galimoto yofiira ya ozimitsa moto ikati iwoloke mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town dzuwa likupendeka, a minibasi ndi a kabaza amamva kulira kwake ngati mwayi wothamangira m'mbuyo mwake, pamene a kutsogolo sasuntha konse. Ikafika, madzi amene yasenza amatha moto usanakhute, ndipo mpopi wa m'mbali mwa msewu wotungapo ena udakwiririka kalekale pansi pa maluwa a munthu wina wolemekezeka. Makolo adati mnzako akapsa ndevu mzimire. Ku Mchesi ndi ku Kawale mawuwa akali ndi moyo, pakuti kumeneko zidebe zimafika mkuwo usanathe. Koma ife a m'mayadi tidamanga mipanda yaitali, tidasomeka magalasi ndi waya wamagetsi pamwamba, kotero kuti wobwera ndi chidebe ayenera kuyamba wadzifotokoza kwa mlonda. M'mawa mwake akuluakulu ena amatsika kuchokera ku City Centre atavala masuti, naima paphulusa manja kumbuyo, nalonjeza komiti.

Zonsezi mnansi wanga amazilemba m'kope la ana asukulu, ola ndi mphindi yomwe, ndipo kukacha amatiitanira kumpanda natiwerengera, kwinaku akudzudzula kusasamala kwa anthu a masiku ano, amene amagona kandulo ikuyaka ndi kusiya mbaula pafupi ndi makatani. Timamvetsera modzichepetsa, ndipo palibe wa ife adalimba mtima kuwakumbutsa achikulirewo kuti batire ya galimoto imene imadyetsa wailesiyo magetsi akazima idalumikizidwa ndi mawaya osakutira, mkono umodzi kuchokera pa zigubu za petulo zimene adasunga nthawi ya mizere yogulira mafuta, ndi kuti geti lawo nalonso ndi lakuda.