Masese Ochokera ku Vermont

Khala pansi, mwamuna wanga, foniyo uike uko. Nawenso mkazi mnzanga usazembere kukhitchini, mlanduwu ukukukhudza, chifukwa ndiwe unavomera kuti ndiwo zituluke mufiriji kuti mulowe chigubu cha mowa. Wodandaula ndi ine, mboni ndi ine, woweruzanso ndi ine ndemwe. Nyakwawa ili kutali, ndipo ikanabwera ikanangopempha chipanda.

Mlandu wako ndi wakuba. Kampani ya Carlsberg itatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, agogo ako aamuna ndi anzawo anapenga nawo mowa wa m'botolo. Ankakweza tambula kudzuwa n'kumati taonani, mowa wa anthu ophunzira ndi uwu, woonekera mpaka tsidya. Masese athu anasanduka mowa wa anthu akumudzi, mowa wotafuna. Atate ako anatengera momwemo. Ife ofulula tinangoti chete, tinameza mawu. Lero iwe wandibweretsera tambula ya mowa wovunduka, wachikasu, woti chala kuseri kwake sichioneka, n'kundiuza mosachita manyazi kuti agogo, uwu ndi watsopano, dzina lake hazy IPA. Watsopano kwa yani?

Mbiri yake wandimwetsa mpaka ndakhuta. Akuti kuli bambo wina, John Kimmich, wa pamalo ofululira otchedwa The Alchemist ku Vermont, dziko la America, amene sankasefa mowa wake wa Heady Topper. Atayamba kuuika m'zitini mu 2011, anthu ankaima pamzere kuulimbirana. Pofika 2018 bungwe la ofulula la kumeneko, Brewers Association, linavomereza kuti mowa wovunduka ndi mtundu wa mowa pawokha. Anachita kukhala pamsonkhano! Kukanakhala kufunsa, akanatumiza munthu mmodzi kwathu kuno, ndikanamuyankha ndili chiimire, munsi uli m'manja.

Tsopano za chimera. Umadzitama kwa anzako kuti iwe sugula zosungunula kale za m'chitini, umayambira ku mbewu. Mbewu yake iti? Balere wako amafika m'thumba atameretsedwa kale, ataumitsidwa kale ndi anthu amene sunawaonepo. Ntchito yako ndi kungomuphwanya. Ine mawere ndinkaviika ndekha, kuwavundikira mpaka timizu toyera tituluke, kuyanika pamphasa kwinaku ndikulimbana ndi nkhuku, kenako kupera. Pamenepo ndiye munthu anganene kuti wayambira ku mbewu.

Koma pa mphika ndikupatsa ulemu pang'ono, usanyade. Ndinakuona ukusakaniza balere, tirigu ndi oats m'madzi otentha, n'kuimika pa madigiri 67 kwa ola lathunthu, maso ali pa kachoyezera kako. Ukuti ukapyola kwambiri mphamvu ya chimera imafa, ufa susanduka shuga. Zoona zimenezo. N'chifukwa chake ife phala tinkalisiya lipole tisanathiremo chimera, kungoti choyezera chathu chinali chala ichi, ndipo sichinafunepo batire. Za tirigu ndi oats nazonso ndamva: ndizo zimalemeretsa mowa pakamwa, ndipo zikakumana ndi hops utoto wamatope uja sukhazikika pansi. Ndiye kuti ukuwononga ndalama kuti mowa usayere. Agogo ako aamuna akanakhala moyo akanakomoka. Ngakhale madzi a pampopi sukuwakhulupirira, ukuchita kuwathira calcium chloride woyeza pa kasikelo, ati mowa ufewe.

Pa hops ndiye pamene mutu wako unasokonekera. Timasamba tobiriwira tosindikizidwa, tonga chakudya cha akalulu, tobwera pa ndege m'mapaketi osalowa mpweya. Citra ndi Mosaic zochokera ku chigwa cha Yakima ku America, Galaxy yochokera ku Australia. Wandiuza wekha kuti ku George, ku South Africa, amalimanso hops, koma ayi, kumeneko n'pafupi kwambiri, anzako sangakuombere m'manja. Mtengo wake sindiutchula, mkazi mnzangayu angalongedze katundu usiku uno. Chondidabwitsa n'chakuti zinthu zodula choncho suziwiritsa n'komwe. Umadikira moto uzime, madzi atsike kufika madigiri 80, ndiye n'kuthira, ati kuti fungo lisathawe ndi nthunzi komanso mowa usawawe kwambiri. Zina umathira m'chigubu yisiti ili pa ntchito. Zonsezi kuti mowa ununkhire mango ndi magwafa. Ndinanunkhiza, ndipo ndikuvomera, ukununkhiradi. Kenako ndinasuzumira pawindo: mango a pabwalo pako akugwa okha, akuolera pansi, palibe wotola.

Nanga mantha ako ndi mpweya? Ndinangoyandikira chigubu chija kuti ndimve ngati chikuwira, iwe unakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. Ukuti mpweya ukalowa pang'ono chabe, mowa umada n'kukhala wofiirira, fungo la zipatso lija n'kuthawa. Chigubu chakhala mufiriji pa madigiri 19, magetsi akazima iwe tulo osagona, ukuchikulunga ndi matawulo onyowa. Mwana wako anatentha thupi mwezi watha, unangoti am'patse panado.

Pali chimodzi chimene sindiseka nacho. Utatha kusuza, chimera chonse chija, chotentha, chonunkhira phala, unachikhuthulira m'bini. M'bini! Kwathu zotsala za mowa zinkanenepetsa nkhumba. Nkhuku zanga zikanaikira mazira mpaka kutopa.

Ndipo wandiuza wekha kuti mowa umenewu sukhalitsa, kuti ukoma ukadali watsopano, pakapita milungu ingapo umazilala. Nawonso masese sankadikira munthu. N'chifukwa chake tinkafulula pa dima, pa chinamwali, pa sadaka, mudzi wonse n'kubwera, mbiya n'kuuma tsiku lomwelo. Iwe wafulula malita 20, ukumwa wekha katambula kamodzi madzulo, utayamba wakajambula mbali zonse kuti aone a pa Facebook, anthu amene sangalawe ngakhale dontho. Alonda a pageti pako amangomva fungo.

Chigamulo ndi ichi. Ndiwo zibwerere mufiriji. Chimera chosuza chizipita m'thumba, ndizinyamula popita kumudzi. Loweruka uitane aneba, alonda ndi amalume ako a ku Kawale, chigubu chimenechi chithe. Woweruza sagamula asanaone umboni mokwanira, choncho thiranso muno, ndipo udzaze, usandipatse thovu lokhalokha.